Ambuje anga, msilikali wa Keyala amene ankasambitsa maliro

Chaka ndi chaka, Lamulungu lachiwiri la mwezi wa November, akuluakulu a boma ndi asilikali amasonkhana pa zipilala zachikumbutso kukaika nkhata za maluwa. Lipenga likalira pa nsanja ya ku Zomba, onse amakhala duu kwa mphindi ziwiri. Panthawi imeneyo mtima wanga umathamangira kumudzi kwathu, kufupi ndi Namwera m'boma la Mangochi, komwe kwagona agogo anga obereka mayi, amene tonse tinkawaitana kuti Ambuje. Manda awo alibe chipilala, ndipo dzina lawo silinalembedwe pa mwala uliwonse.

Ambuje anali msilikali wa King's African Rifles, gulu limene makolo athu ankalitchula kuti Keyala. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka mu 1939, boma la atsamunda linkalemba anyamata kudzera mwa mafumu, ndipo Ayao ambiri analowa. Ena anakopeka ndi malipiro, ena anathawa msonkho, ena anangotumidwa ndi mfumu. Ambuje sankabisa chifukwa chawo: msonkho unawapana, ndipo ankafuna ndalama yoti adzayambire banja.

Ulendo wawo unayambira ku Zomba n'kukafika ku Mombasa, komwe anakwera sitima yapamadzi kupita ku Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka. Mu 1944 gulu lawo, 11th East African Division, linatumizidwa ku Burma kukamenyana ndi Ajapani m'chigwa cha Kabaw. Inali nyengo ya mvula yosalekeza. Matope ankameza magalimoto, misundu inkayamwa anthu magazi, ndipo malungo ankagwetsa asilikali osaombedwa n'komwe. Anakafika pa mtsinje wa Chindwin chaka chili kumapeto.

Za mfuti Ambuje sankakonda kukamba. Akati asimbe za ku Burma, ankasimba za swala. Kwathu kuno poswali timayang'ana chakumpoto, koma kumeneko Kibla ili kumadzulo, ndipo anawalozera ndi Asilamu a ku India amene anali nawo mbali imodzi. Zilankhulo sankamvana, koma wina akangoti Allahu Akbar, mzere unkaongoka. Madzi a wudhu sankasowa. Chosowa chinali malo ouma oikapo chipumi. Chilolezo chimene Allah anapereka mu Surah An-Nisa, chofupikitsa swala pa ulendo ndi kuswali mosinthana pa nthawi ya mantha, iwo anachidziwira m'nkhalango, pamene ine ndinadzachidziwira m'buku.

Atabwerako anakhala mlimi ngati wina aliyense. Anapirira njala ya 1949, analera ana ndi adzukulu, ndipo kwa zaka zambiri ndiwo ankatsegula mzikiti wathu wofolera ndi udzu nthawi ya Fajr. Koma chimene mudzi wonse unkawadziwa nacho n'chakuti mwamuna akamwalira, ngakhale pakati pa usiku, woyamba kufika anali iwo. Ankatenthetsa madzi, kusambitsa thupi, kuliveka sanda ndi kutsikira nalo m'manda. Malipiro ankakana. Pansi pa bedi lawo panali bokosi lachitsulo la ku usilikali. Pamwamba m'bokosimo munkakhala nsalu yoyera yosungira amphawi, ndipo mamendulo awo, kuphatikizapo ya Burma Star, ankakhala pansi penipeni.

Pano ndiyenera kuulula tchimo langa. Ndili mnyamata, nditabwera ku tchuthi kuchokera ku madrasa yogonera komweko, ndinadziona ngati ndamaliza maphunziro onse. Tsiku lina imamu atachokapo, Ambuje anatsogolera swala ya Maghrib. Atangopereka salamu, ndinalankhula anthu onse akumva kuti katchulidwe kawo ka Surah Al-Fatiha kanali kolakwika. Ngati zimenezo zinali zosakwanira, ndinaonjeza kuti nkhondo imene amalemekezedwa nayo inali ya Angelezi, yopanda gawo lililonse kwa Allah. Mumtima ndinkati tsobola wakale sawawa. Mu mzikiti munangoti zii. Ambuje anatola ndodo yawo n'kutuluka.

Usiku umenewo anandiitanira pakhonde.

"Khala apa, mdzukulu wanga," anatero. "Za nkhondo wanena zoona. Sinali yathu. Mjapani sanandibere mbuzi kapena kundilanda munda. Ndicho chifukwa chake umandimva ndikupempha chikhululuko usiku uliwonse. Koma pali chimene sukuchidziwa."

Anandiuza za mnzawo wa mudzi woyandikana nawo, amene anavinidwa naye jando chaka chimodzi. Mwezi wa Ramadhan wa chaka chimenecho, umene unagwa mu August ndi September, unawapeza ali m'chigwa cha Kabaw. Mnzawoyo anadwala malungo n'kumwalira m'bandakucha, lamulo loti gulu linyamuke litaperekedwa kale. Anamukulunga m'bulangeti n'kumuika m'dzenje losaya limene linkadzaza madzi akukumba. Panalibe womusambitsa, panalibe sanda. Ambuje anaima okha n'kuchita takbir zinayi mothamanga, sajeni akukuwa kuti anthu ayende.

"Amayi ake atandifunsa ngati mwana wawo anaikidwa ngati Msilamu, ndinangoyang'ana pansi," anatero. "Ndinali nditalonjeza kwa Allah kuti akandibweza kwathu wamoyo, palibe wa m'mudzi uno amene adzapite wosasamba ine ndikupuma. Thupi lililonse limene ndimasambitsa, ndimakhala ndikusambitsa iyeyo."

Ndinagwidwa ndi manyazi. "Ambuje, mundikhululukire," ndinatero.

Iwo anangoti, "Mawa ikatha Fajr usachoke. Undiphunzitse pamene ndikulakwitsapo."

Ndipo zinaterodi. Tchuthi chonsecho nkhalamba ya imvi inkakhala pa mkeka pamaso pa mdzukulu wake, kubwereza mawu amodzimodzi mpaka lilime litawongoka. Nawonso ankanditenga kumaliro, kundionetsa momwe amabisira ulemu wa womwalira ndi nsalu, momwe amayambira mbali ya kumanja, ndi momwe wosambitsa amatsekera pakamwa pake pa zonse zimene waona. Katchulidwe kawo kanalidi kofunika kukonza, pakuti choonadi sichisintha chifukwa cha msinkhu wa munthu. Cholakwa changa chinali malo ndi kalankhulidwe. Surah Al-Isra imatiletsa ngakhale kamawu kakang'ono kosonyeza kunyansidwa ndi makolo okalamba, koma ine ndinawayalutsa pagulu. Mawu a akuluakulu akoma akagonera.

Patapita zaka Ambuje anamwalira, ndipo amene anawasambitsa ndine. Nsalu yawo tinaipeza m'bokosi lomwe lija, ataipinda padera.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, nkhaniyi sindikuilemba pofuna kutamanda mtundu wanga. Kusambitsa, kuveka, kuswalira ndi kuika womwalira ndi faradhi kifaya: ena akachita, udindo wachoka kwa onse, koma onse akasiya, tchimo lagwera mudzi wonse. Lero m'mizikiti yambiri ntchitoyi yatsalira nkhalamba imodzi kapena ziwiri. Ndakhalapo pa maliro pamene thupi linadikira mpaka dzuwa kupendeka chifukwa wodziwa kusambitsa anali kutali, pabwalo patadzaza anyamata oloweza ma Surah ataliatali. Kumbali ya amayi vutoli ndi lomwelo. Makomiti a mizikiti ndi aphunzitsi a madrasa akhazikitse tsiku lophunzitsa ntchitoyi ndi manja, nkhalambazo zidakali moyo.

Chinanso n'chakuti amene anamenya nkhondo ija atsala owerengeka, ndipo ngakhale ana awo akalamba. Ine ndinazengereza kulemba zimene Ambuje ankasimba, moti mayina a malo ambiri anapita nawo kumanda. Amene muli ndi agogo pakhomo, khalani nawo pansi sabata ino. Foni imene mumajambulira maukwati ingathenso kusunga mawu awo. Afunseni amene anamanga mzikiti woyamba wa m'mudzi mwanu, amene anawaphunzitsa Qur'an, ndi mayesero amene anadutsamo osasiya swala.

Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) anatiphunzitsa kuti munthu akamwalira ntchito zake zimaduka kupatula sadaka yopitirira, maphunziro othandiza anthu, ndi mwana wabwino womupempherera. Mamendulo a Ambuje akuchita dzimbiri, koma manja amene anawaphunzitsa akugwirabe ntchito, ndipo bokosi lija silinakhalepo lopanda nsalu yoyera.

Allah awakhululukire Ambuje ndi mnzawo amene anatsala m'matope a ku Kabaw, awakuzire manda awo, ndipo awakumanitse ku Jannah pamodzi ndi makolo athu onse. Ameen.