Impso yatsopano, dothi lakale: kabala kosafunika kukapeputsa

Uthenga ukafika pa WhatsApp woti m'bale wathu akufunika ndalama zokamuika impso ina ku India, timasonkha mwachangu. Kuno ku Malawi opaleshoniyi sichitika. Ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth amangosefa magazi ndi makina a dialysis. Koma munthuyo akabwerako, ambirife timati basi wachira. Ine ndikuti ayi, ntchito yomusamala imayambira pomwepo.

Woikidwa impso ya munthu wina amamwa mankhwala ngati tacrolimus tsiku lililonse kuti thupi lisaikane. Mankhwalawa amafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndiye tizilombo tomwe enafe sititidandaula n'komwe timapezerapo mpata.

Mmodzi mwa adaniwa ndi bakiteriya wotchedwa Nocardia, yemwe dokotala wa ziweto wa ku France, Edmond Nocard, adamupeza mu ng'ombe mu 1888. Amakhala m'dothi ndi m'zinyalala zowola, ndipo amalowa m'thupi kudzera pabala kapena m'fumbi lomwe timapuma. Pakhungu amaoneka ngati kachotupa kapena chithupsa chosapola, koma akachedwa kupezeka amatha kufika mpaka muubongo.

Tsono taganizirani moyo wathu kuno ku Kasungu. Kukonza nazale, kuokera fodya, kuthyola, kusoka m'chigafa mpaka mabelo apite ku Chinkhoma, zonsezi ndi manja ndi dothi. Kulasidwa ndi munga kapena kudzitema ndi khasu n'zatsiku ndi tsiku, ndipo palibe mlimi amathamangira kuchipatala chifukwa cha kabala.

Matendawa si ofala, n'chifukwa chake n'kosavuta kuwasokoneza ndi chithupsa wamba kapena TB. Mulabotale namonso bakiteriyayu amakula pang'onopang'ono. Choncho dokotala ayenera kuuzidwa msanga kuti wodwalayo adaikidwa impso.

Mankhwala ake timawadziwa: Bactrim yemwe uja. Koma si zomwa masiku 5 ayi. Wodwala amamwa kwa miyezi 6 kapena kuposerapo, dokotala akuyang'anira, poti mankhwalawa amathanso kusokoneza impso. Osangokagula nokha.

Anzanga, ngati kwanu kuli munthu wotere, mugulireni majombo ndi magolovesi, ndipo ntchito yookera muigwire ndinu. Bala likamatupa, kutuluka mafinya kapena kukana kupola, lijambuleni pafoni kuti dokotala akaone m'mene lasinthira. Kenako mupite naye kuchipatala osachedwa, mutatenga buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse omwe akumwa.