Kalumo ka Mlendo mu QEMU

Pulogalamu ya QEMU, imene Fabrice Bellard anaitulutsa m'chaka cha 2003, imamanga kompyuta yongoyerekeza, yotchedwa mlendo, m'kati mwa kompyuta yeniyeni, pamodzi ndi makomo ake a USB opanda chitsulo, olembedwa m'chinenero cha C. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma mu 2020 kunapezeka kuti kompyuta ya mlendoyo, ikanama za kutalika kwa uthenga wake wa pa USB, inkatha kusefukiza malo osungiramo mabaiti 4096, n'kugwetsa QEMU yense, pakuti nambala yabodzayo inkasungidwa isanayesedwe. Otsata zolakwika zotere amabwereza ngoziyo ndi zida zofufuzira za gdb ndi AddressSanitizer, kufikira ataona mzere wa pulogalamu umene unalemba kunja kwa malire. Ndipo mankhwala ake, ochepa modabwitsa, anali kuyamba kuyesa nambalayo isanasungidwe.