Musanagule fulashi ya kamera, yambani mwayang'ana kudenga

Chaka chatha mphunzitsi mnzanga adandipempha kuti ndikajambule zithunzi pachinkhoswe cha mlongo wake. Mwambo udayamba mochedwa, ndipo pofika nthawi ya perekaniperekani dzuwa lidali litalowa. Ndidadalira kafulashi kamene kamatumphuka pamwamba pa kamera yanga. Zithunzi zake zidandichititsa manyazi: amene adali pafupi nkhope zili mbee, maso ofiira, pomwe ankhoswe amene adakhala chakumbuyo adamira mumdima. Chinkhoswe sabwereza, ndiye mpaka lero ndikakumana ndi banjalo ndimasowa poyang'ana.

Apa mpamene ndidayamba kufunafuna fulashi yapadera, yomangirira pamwamba pa kamera.

Wogulitsa amayamba ndi kukuonetsani nambala ya mphamvu, imene pabokosi amalemba kuti GN. Masamu ake ndi a Fomu 1: gawani nambalayo ndi f ya lenzi, mupeza mamita amene kuwala kungafike pa ISO 100. Kafulashi ka pakamera GN yake imakhala cha m'ma 12, ndiye pa f/4 kamathera pamamita atatu basi. Nchifukwa chake ankhoswe aja sadaoneke. Fulashi ngati Godox TT600 amailemba 60, koma musatengeke nazo. Nambalayo amaiyeza kuwala kutapanikizidwa malo amodzi, pa 200mm. Mukamajambula gulu, kuwala kumabalalika ndipo mphamvu imatsika kwambiri.

Kwa ine chachikulu ndi mutu wa fulashi. Uzitha kupendekera m'mwamba komanso kutembenukira m'mbali. Kuwala kukagunda siling'i yoyera nkubwerera pansi, nkhope zimaoneka zosalala, thukuta la pamphumi silinyezimira, ndipo mthunzi wakuda uja kumbuyo kwa munthu umachoka. Vuto ndi loti kwathu kuno makalasi ndi matchalitchi ambiri alibe siling'i. Kumwamba kuli malata adzimbiri ndi mitengo yakuda, zimene zimangomeza kuwala. Zikatero ndimalozetsa mutuwo kukhoma lopaka laimu. Khoma likakhala la njerwa zosapaka, anthu amatuluka ofiirira, choncho ndi bwino kumangirira pepala loyera lolimba kumutu kwa fulashi ndi labala. Fulashi yosatembenuka, ngakhale itchipe bwanji, zonsezi siingachite.

Nkhani ya mabatire nayo musaipeputse ngati mumakhala kutali ndi magetsi. Mafulashi ambiri amadya mabatire anayi a AA. Otchipa a pagolosale aja amatha msanga, ndipo fulashi imachedwa kudzaza mphamvu: mkwatibwi akumwetulira, inu mukudikira kanyali kayake. Gulani otchaja a NiMH asanu ndi atatu, anayi akhale m'thumba. Mafulashi a batire ya lithium ndi achangu, koma ikakutherani kumudzi simuipeza pamsika.

Ena amafunsa za TTL. Fulashi yotere imagwirizana ndi kamera nkudziyezera yokha kuwala, zimene zimathandiza anthu akamavina uku ndi uku. Koma iyenera kukhala ya mtundu wa kamera yanu. Godox TT685, mwachitsanzo, ili ndi chilembo kumapeto: C ndi ya Canon, N ya Nikon, S ya Sony. Yopanda TTL imatchipa ndipo imagwira pamakamera ambiri, kupatula ena ngati Canon EOS 4000D amene alibe kachitsulo ka pakati pomangirira fulashi. Pitani ndi kamera yanu kusitolo, muyesere pomwepo. Ndipo chenjerani ndi mafulashi akale a nthawi ya mafilimu amene amapezeka pakaunjika, chifukwa ena amatulutsa mavoti oposa 200 ndipo angakuotchereni kamera.

Ine ndidasankha yopanda TTL, chifukwa malipiro a uphunzitsi mukuwadziwa. Ndidatha masabata awiri ndikuyeserera madzulo m'kalasi, mlonda wapasukulu atakhala pabenchi lakumbuyo, mpaka ndidadziwa mphamvu yoyenera pamtunda uliwonse. Paphwando lotsanzikana ndi a Fomu 4, ana amene adaima mzere wachitatu onse adaoneka nkhope, ndipo mlonda uja adatenga zithunzi zake zisanu ulere.