Bokosi la Maganizo a Anchito

Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. Anthu a ku Japan, dziko la zilumba kum'mawa kwa Asia, anatsata nzeru yomweyi pa nchito zao, ndipo mbiri yache iyenera kumveka m'nyumba zathu.

M'chaka cha 1721 wolamulira dzikolo, Tokugawa Yoshimune, anaika bokosi lokhoma pakhomo pa bwalo la milandu mu mzinda wa Edo, umene lero uchedwa Tokyo. Masiku atatu pa mwezi munthu wamba anali kuloledwa kuponyamo kalata, atalembapo dzina lache. Ndipo wotsegula bokosilo anali wolamulirayo mwini. Sing'anga wina, Ogawa Shosen, anaponyamo pempho lakuti amphawi odwala akhale ndi powachizira. Mau ache sanagwe pansi, pakuti mu 1722 anatsegula chipatala cha Koishikawa, chochiza osauka kwaulere.

Patapita zaka 230, mwambo wonga womwewu unalowa m'fakitale ya galimoto ya Toyota, koma unadzera njira yina. Mu 1950 kampaniyo inasowa ndalama, anchito ambiri anachotsedwa, ndipo woiyambitsa, Kiichiro Toyoda, anatula udindo. Chaka chomwecho mbale wache, Eiji Toyoda, anakacheza ku fakitale ya Ford ku America, naona anchito alikulemba maganizo ao ndi kuwapereka kwa akuru. Tsono mu 1951 a Toyota anayamba kuchita chimodzimodzi, nalandira maganizo 789 chaka choyambacho.

Kachitidwe kache nkotere. Wanchito akaona chobvuta pamalo pache, kapena chitsulo chokhala kutali ndi dzanja, kapena kuwerama kopweteka msana, alemba papepala m'mene angachikonzere. Kapitao awerenga nayankha msanga. Ganizo likakoma aliyesa, ndipo mwini wache alandira kamphatso. Ambiri a maganizowo ali ang'onoang'ono, koma sachepetsedwa, pakuti kukonza pang'ono tsiku ndi tsiku, kumene iwo achula kaizen, ndiko kunakweza nchito yao. Ngakhale wanchito wamng'ono, ataona cholakwika pa galimoto ilikupangidwa, aloledwa kukoka chingwe choitanira kapitao. Ndipo chikapanda kukonzeka msanga, mzere wonse uima.

Zindikirani, abale, kuti mphamvu siili m'bokosi ai, koma m'kuyankha. Kumene akuru salabadira makalata, kapena akwiyira wonena zoona, anchito atseka pakamwa, bokosi lidzala pfumbi, ndipo cholakwa chikula mobisika kufikira chitaononga katundu kapena kupweteka munthu.

Chifukwa chache inu mwini munda wolemba aganyu, ndi inu mmisiri wokhala ndi anyamata ophunzira, funsani iwo ogwira khasu ndi sowo chimene chiwabvuta, nimuwayankhe lisanalowe dzuwa. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.