KODI ZIWIYA ZA M'KHICHINI ZA MTENGO WAPATALI ZIBWEZA NDARAMA ZATHU?

Mwezi ukatha, malipiro ataturuka, anthu a pa migodi amadzaza m'masitoro a kuno ku Boksburg, ena m'mseu wa Commissioner, ena ku East Rand Mall. Pa mazenera a masitorowo aikapo mafiriji owala ngati kalirole, masitovu a mbale zinai, maketulo a magetsi, makina opera zipatso ndi makina okazinga nkhuku ndi mpweya wotentha. Munthu amene wasiya mkazi ndi ana ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mzimba akaona zimenezi, mtima umamuuza kuti, "Gula, amai a ana akaone kuti sunapite ku Joni kukasewera."

Ine ndine mabalane, ndipo mapepala a malipiro amadzera m'manja mwanga. Cifukwa cace ndimaona zimene anthu ena saona, ndizo ndarama zodulidwa mwezi ndi mwezi cifukwa ca katundu wotenga pa ngongole. Tsono ndati ndilembe mau awa, abale anga, kuti tiganize pamodzi ngati ziwiya zokwera mtengo zibweza ndarama zathu kapena iai. Zina zibwezadi, koma zambiri sizibweza, ndipo kusiyana kwace ndi kumene ndifuna kulongosola.

ZIMENE MAKOLO ATHU ANALI KUGULA

Agogo anga anabwera kuno ndi Wenela, nagwira nchito pa mgodi wa ERPM, umene unayamba m'caka ca 1893 ndipo unazama mamita oposa 3,500 usanaleke nchito ya pansi mu 2008. Masiku amenewo anthu anali kugona m'makomboni monga Cinderella ndi Angelo, nalandira nsima ndi nyemba ku khichini ya kampani. Nyama anali kuocha okha pa mbaula m'zipinda zao. Gawo lina la malipiro anali kulilandira atafika kwao, ndipo katundu wopita naye ku mudzi anali wowerengeka: bokosi la citsulo, mabulangete, kapena makina osokera, ndi pulaimasi.

Pulaimasiyo anaipanga ku Sweden mu 1892, ndipo inafika kutali, pakuti ngakhale Roald Amundsen anaitenga popita ku South Pole mu 1911. Inali yokwera mtengo kwa munthu wa malipiro a masiku amenewo, koma inali ndi ubwino utatu. Inali yaing'ono, yolowa m'bokosi. Palafini anali kupezeka pa sitoro iri yonse ya ku mudzi. Ndipo ikatsekeka, mwini wace anali kuitsegula yekha ndi kasingano, nasintha cikopa ca pampu popanda kuitana mmisiri. Migodi ya kuno inaleka kutenga anthu ku Malawi mu 1988, koma nzeru ya akuru aja sinakalambe. Anali kufunsa mafunso atatu asanaturutse ndarama: Kodi cinthu ici cikafika ku mudzi? Kodi cikayaka ndi ciani? Kodi cikafa adzakonza ndani?

KODI CIKAYAKA NDI CIANI?

Funso ili ndilo loyamba kwa ife lero, cifukwa ziwiya zambiri zokongola zimafuna magetsi. Kalembera wa ku Malawi wa 2018 anapeza kuti pa nyumba 10 ziri zonse, pafupi-fupi imodzi yokha ndiyo inali kuunikira ndi magetsi, ndipo nyumba zoposa 9 zinali kuphika ndi nkhuni kapena makala. Ngati waya wa ESCOM sanafike m'mudzi mwanu, sitovu ya mbale zinai idzasanduka tebulo loikapo mabeseni, ndipo firiji idzakhala kabati yosungiramo ufa ndi shuga. Kabati ya matabwa mukanaigula kwa kalipentala wa pa msika ndi ndarama zocepa.

Ena amati, "Ndiri ndi sola pa denga." Inde, sola yaing'ono imayatsa mababu, wailesi ndi foni, koma ketulo imodzi ya magetsi imafuna mawati ngati 2,000, ndipo mbale imodzi ya sitovu imafuna 1,000 kapena kuposa. Sola ya mababu singathe kunyamula katundu wotere, mudzangopha batire.

Ngakhale kumene magetsi afika, sakhala okhulupirika masiku onse. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo anthu a m'matauni anakhala mu mdima maora ambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yoposa caka. Kuno ku South Africa nako, mu January 2008 migodi ikuru-ikuru inaimitsa nchito masiku angapo cifukwa ca kusowa magetsi, ndipo mu 2023 Eskom inazimitsa magetsi masiku ambiri a cakaco. Banja lanzeru silitaya mbaula cifukwa lagula sitovu. Dziwaninso kuti pulagi ya kuno ya mano atatu obulungira silowa m'khoma la ku Malawi, kumene mano ace ndi a ngondya. Mphamvu ya magetsi ndi yofanana, koma pulagi muyenera kusintha.

KODI CIKAFIKA KU MUDZI?

Ulendo wa pa basi kucokera ku Johannesburg, kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Zobue kufika ku Mwanza, ndi wa masiku awiri kapena kuposa. Katundu wamkuru amalipiritsa payekha, ndipo pa cipata ca Mwanza a msonkho angafunenso gawo lao pa katundu watsopano. Ndarama zonsezi muziwerengere pa mtengo wa cinthuco musanagule. Firiji ikagonekedwa m'ngolo ya basi, mafuta a m'makina ace amalowa m'mipope, ndipo iyenera kuima ciriri maora ambiri isanayatsidwe. Galasi la pamwamba pa sitovu likasweka pa mabampu a ku Tete, palibe amene adzakubwezerani.

Lamulo la kuno loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008, limati katundu akakhala woonongeka mungambweze ku sitoro isanathe miyezi 6, kuti amkonze, amsinthe kapena akubwezereni ndarama. Lamulo ili ndi labwino, koma kodi munthu adzasenza firiji kucokera ku Ntcheu kubwerera nayo ku Boksburg? Katundu wolemera wotere ndi bwino kumgula ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kumene sitoro iri pafupi ndipo amisiri amadziwa zitsulo zace.

NGONGOLE NDIYO IMADYA MUNTHU

Ku sukulu ya mishoni kwathu anatiphunzitsa kucurukitsa, ndipo masamu amenewo ndi okwanira pa nkhani iyi. Tiyerekeze kuti firiji ndi R6,000 mukalipira pompo, koma wogulitsa akuti, "Ingolipirani R400 pa mwezi kwa miyezi 24." Ndarama ya R400 imamveka yaing'ono m'khutu, komatu 400 kucurukitsa ndi 24 ndi R9,600. Mwapereka R3,600 ya pamwamba, ndarama yokwanira matumba a feteleza kapena fizi ya mwana. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Munthu akalephera kulipira, pepala limafika ku ofesi yathu lolamula kuti tidule malipiro ace asanawaone. Ndaona bambo wina, wa nchito yolimba ndi wosamwa mowa, alikudulidwa ndarama za sitovu imene inali itafa kale ku mudzi cifukwa ca mphezi. Mu 2016 bwalo la Constitutional Court linagamula kuti woweruza yekha ndiye angalole kudula malipiro a munthu motere, osati kalaliki wa bwalo ai. Cotero mukaona ndarama zacilendo zadulidwa, funsani kwa mabalane kuti muone pepalalo. Koma coposa zonse ndico kusasaina pepala limene simunawerenge. Funsani wogulitsa mau amodzi okha: "Zonse pamodzi ndidzalipira zingati?" Ngati mtima wakana kusiya cinthuco, njira ya lay-by, yolipira pang'ono-pang'ono katundu ali m'sitoro, iribe ciwongola dzanja.

ZIMENE ZIBWEZA NDARAMA

Musaganize kuti ndirikunena kuti ca mtengo wocepa ndico cabwino nthawi zonse. Poto wopyapyala ngati pepala amapsereza nsima, napindika, nabooka caka cisanathe. Tiyerekezenso: poto wa R100 wofa caka ndi caka adzadya R1,000 pa zaka 10, pamene poto wokhuthala wa R400 adzatha zaka zonsezo yekha. Pa cinthu cimene mkazi wanu adzagwira kawiri kapena katatu pa tsiku, musaumire. Mapoto a Hart, a kampani ya Hendler & Hart ya kuno ku Boksburg, amadziwika m'nyumba zambiri cifukwa ca kupirira moto. Mphika wacitsulo wa miyendo itatu ndi wolemera pa ulendo, koma sufuna mafuwa, umaphikira maliro ndi ukwati, ndipo udzafika kwa adzukuru. Mpeni umodzi wabwino wonoleka pa mwala uposa mipeni 12 ya m'bokosi lokongola.

Cina cimene ndingacitire umboni ndico poto wotseka ndi mphamvu ya nthunzi, amene Azungu amati pressure cooker. Kuno tiri pamwamba, mamita ngati 1,600 kucokera pa nyanja ya mcere, ndipo madzi amawira asanatenthe kweni-kweni. Ndico cifukwa cace nyemba ndi mapazi a ng'ombe zimacedwa kupsa. Poto wotseka amasunga nthunzi m'kati, kutentha kumakwera, ndipo nyemba za maora atatu zimapsa ora lisanathe. Kwa ife amene timagula magetsi kapena gasi ndi ndarama zathu, poto uyu amadzilipira yekha. Koma gulani wa mtundu umene labala la civundikiro cace limapezeka m'masitoro, ndipo musamtsegule nthunzi isanaturuke yonse.

Gasi ndi wabwino kwa wokhala m'tauni, pakuti sazima magetsi akazima. Anthu ambiri a kuno amamuopa kucokera pa 24 December 2022, pamene garimoto lonyamula gasi linaphulika pafupi ndi cipatala ca Tambo Memorial, nilipha anthu 41. Mantha amenewo atiphunzitse ulemu. Paipi ndi citsulo ca pa mutu wa botolo zikhale zatsopano ndi zabwino, ngakhale zikwere mtengo. Apa si pofunafuna zotsika. Mukakayika, pakani thobvu la sopo polumikizira, ndipo likatukusira, tsekani msanga.

Ziwaya zosamata cakudya, zakuda m'kati, ndi zabwino pokazinga mazira pa moto wofatsa, koma pa makala zimapsa, ndipo khungu lace limasupuka. Makina opera zipatso ndi ena otere amagwira nchito sabata loyamba, alendo ataona, kenaka amakhala pamwamba pa kabati kusonkhanitsa pfumbi. Ku mudzi kumene nkhuni zasowa, mbaula ya dothi ya Chitetezo, imene amai amaumba konko ku Malawi, imacepetsa nkhuni ndi utsi, ndipo mtengo wace sufika ngakhale wa pulagi ndi waya za sitovu ya magetsi.

FUNSANI MWINI KHICHINI

Mau anga otsiriza ndi awa, anzanga. Ambiri a ife sitiphika ku mudzi, ndipo timagula ndi maso, osati ndi manja. Amene amadzuka m'mamawa kukoleza moto ndiye adziwa cimene cikusowa. Kale makolo athu anali kulemba kalata ndi kudikira yankho mwezi wathunthu, koma lero foni iri m'thumba. Imbani, mufunse amai a kunyumba. Kapena adzati afuna poto wamkuru wa nsima, ndowa ziwiri zamphamvu ndi denga la malata pa khichini kuti mvula isazimitse moto, ndipo zotsalazo zipite ku munda ndi ku sukulu. Ndarama ya pa mgodi imabwera ndi thukuta, ndipo nchito ya mgodi siri ya muyaya, monga ERPM yatisonyeza. Gulani cimene cidzagwira nchito tsiku ndi tsiku, lipirani pompo, ndipo mukafika kwanu mudzadya nsima yanu ndi mtendere, popanda pepala la ngongole kukulondolani.