Nchito Yosalipidwa ya pa Mkaika

Caka ndi caka, Loweruka lotsiriza la mwezi wa August, mseu waukuru wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata udzaza ndi malore, mabasi ndi njinga, zonse zolinga ku Mkaika, pafupi ndi boma la Katete. Kumeneko ndiko kukhala Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikuru ya Acewa, ndipo tsikulo ndilo la Kulamba. Ambiri a ku migodi anamvapo za mwambo umenewu pa wailesi, ena anauona ndi maso. Cimene anaona ndico mafumu, mphatso ndi Gule Wamkuru. Komatu tsiku limodzilo lidza pambuyo pa nchito ya masabata ambiri, ndipo ocuruka mwa oigwira salandira ngakhale ngwee imodzi.

Poyamba pafunika kudziwa cifukwa cace msonkhano uwu usiyana ndi ina. Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anapangana za malire, nadula dziko la Acewa pakati; mbali ya Angerezi inagawikanso, kwina Nyasaland, kwina Northern Rhodesia. Munthu anapezeka pansi pa boma lina, atsibweni ace pansi pa lina. Mu 1934 boma la Azungu linaletsa Kulamba, ndipo panapita zaka 50 kuli zii, kufikira Kalonga Gawa Undi X anakuutsanso mu 1984. Kuyambira pamenepo mafumu a ku Zambia, a ku Malawi ndi a ku Mozambique afika pamaso pa Kalonga mmodzi mmodzi, nafotokoza za maiko ao, kaya njala, kaya matenda, napereka mphatso. Mu 2007 atsogoleri a maiko onse atatu, a Levy Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika ndi a Armando Guebuza, anakhala pamodzi pa bwalo lomwelo.

Tsono alendo a pa Mkaika sali a mtundu umodzi monga ena aganiza. A ku Tete alowera pa Chanida, ndipo ana ao anaphunzira Cipwitikizi. A ku Malawi adzera pa Mwami, ali ndi kwaca yao yosiyana ndi ya kuno. A ku Vubwi, kwa Mfumu Pembamoyo, akhala pakati pa malire awiri, kotero kuti kwa iwo mlendo wa dziko lina kawirikawiri ndiye mlamu kapena mpongozi. Ku Sinda, kumene kunakhala boma pakokha mu 2012 pamodzi ndi Vubwi, Acewa alima moyandikana ndi Ansenga a kwa Nyanje. Palinso Angoni a kwa Mpezeni, ndi mafumu a mitundu yina amene aitanidwa. Onsewa afuna pogona, madzi ndi nsima.

Apa ndipo pali nchito. Mafumu auza nyakwawa zao, nyakwawa ziuza midzi. Amuna adula mitengo, amweta udzu, namanga misasa kuti gulu liri lonse likhale ndi pace. Ena alambula bwalo, ena akumba zimbudzi, nchito imene palibe aiimbira nyimbo, koma ikalephereka msonkhano wonse ugwa m'matenda. Akazi asonkha cimanga, akonola, atola nkhuni, natunga madzi m'mwezi umene mitsinje yambiri yaphwa. Anamkungwi akhala masiku ambiri ndi anamwali amene adzaturuka pa bwalo. Amuna a ku dambwe nao akonza zao kutali ndi maso a anthu. Za kumeneko sizilembedwa m'nyuzi, ngakhale mu 2005 a UNESCO anauwerengera Gule Wamkuru pakati pa cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. Inde, boma litumiza apolisi ndi a cipatala, makampani aperekako thandizo, ndipo maina ao amveka pa cimkuza-mau. Dzina la mai amene anapika nkhuni silimveka.

Kodi anthu avomera bwanji kugwira nchito yotere kwaulere? Yankho liri m'makhalidwe akale a kumudzi. Munthu akacurukidwa ndi munda ankafulula mowa, naitana anzace ku dima; analima tsiku lonse, namwa madzulo, podziwa kuti mawa dima lidzakhala kwa wina. Pa maliro, okumba manda ndi kunyamula mtembo ndiwo adzukulu, osati ofedwa. Palibe analemba malamulo awa, koma munthu wosaoneka pa maliro a anzace anadziwa yekha cimene cidzamuonekera tsiku lace likadzafika. Kulamba kwaima pa mwambo womwewo, kungoti mudzi wace ndi waukuru, wa maiko atatu.

A ku migodi adziwa bwino kuti mwambo uwu ukhoza kuoloka ngakhale malire a mtundu. Kale Angoni ndi Abemba anathirana nkhondo. Nkhondo itatha panatsala cimbuya, ndipo m'makomboni a ku Kitwe, Mufulira ndi Luanshya cinafalikira kwa onse a kum'mawa. Mcewa akafedwa kutali ndi kwao, ambuya ace Abemba ndiwo afika msanga. Amseka kuti ngwakudya mbewa, iye nabwezera kuti iwo ngakudya anyani. Ampaka ufa kumaso, natolera ndalama m'mbale. Mlendo ayesa cipongwe. Koma poyang'anitsa aona kuti oseka aja ndiwo asonkha moto, ndiwo aphika, ndiwo atsala pa manda kufikira dothi lotsiriza.

Acewa a m'matauni ali ndi mbali yaonso pa Kulamba. Ku Lusaka ndi ku migodi kuli makomiti amene asonkha ndalama nakonza za ulendo, ndipo a m'makomitimo acita izi ataweruka ku nchito zao. Ndalama zimenezi zithandiza ndithu, pakuti ufa, mafuta a galimoto ndi ndiwo za alendo sizigulidwa ndi ulemu. Koma ziri ndi bvuto lace. Mnyamata wa kumudzi amene wamweta udzu sabata yonse akaona munthu wa ku tauni atsika m'galimoto Lacisanu, nakhala pa mpando wa pamthunzi, afunsa mumtima cifukwa cace thukuta lace likhala laulere. Funso lace si lopusa. Lero mnyamatayo akhoza kupeza ganyu pa msika wa Katete, nalandira ndalama tsiku lomwelo. Cimene cimgwira ndico kuona kuti wa ku tauni uja adziwa mudzi umene unamanga msasa agonamo, nafika kukapereka moni kwa nyakwawa yace.

Mu 2020 Kulamba sikunacitike cifukwa ca mliri wa Covid-19, ndipo caka cimeneco misasa sinamangidwe pa Mkaika. Zaka zimene Kulamba kucitika, mafumu atalamba ndi ng'oma zitaleka, malore a ku Tete ndi a ku Lilongwe anyamuka Lamulungu m'mawa. Otsala ndiwo a midzi yozungulira, amene afotsera maenje, atentha zinyalala, nabweza miphika kwa eni ace.