Kuphunzitsa pa Yunivesite M'dziko la Eni

Anthu a cigawo ca Kum'mawa sadabwa ndi ulendo wa kukafuna nchito kutali. Agogo athu anali kuwoloka Zambezi pa Feira, kamba ali kumutu, kupita ku mapulazi a fodya ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia, ndipo ena analunjika ku Nkana ndi ku Luanshya. Amene anabwerera anadza ndi njinga, bulangeti ndi ndalama ya msonkho. Amene sanabwerere tinawachula kuti machona.

Masiku ano kuli ulendo wa mtundu wina umene makolo ambiri kumudzi saumvetsa bwino. Mwana amene munamgulitsira mbuzi ndi nshawa kuti aphunzire, atatha madigiri ake, akuuzani kuti wapeza nchito yophunzitsa pa yunivesite ya ku Gaborone, ku Cape Town kapena ku Britain, ndi kuti akusamuka ndi banja lake lonse. Amai ena amaimba nthungululu poganiza kuti umphawi watha pamudzi. Ena amagwira njakata, nati mwana wataika. Kuti timvetse moyo umene mwanayo akukalowa, tiyambe takumbuka nthawi imene ife eni ake tinali olandira alendo otere.

ALENDO AMENE ANAYAMBITSA YUNIVESITE YATHU

Pamene dziko lino linalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, Azambia amene anali ndi digiri ya pa yunivesite anali ongopitirira pang'ono 100 m'dziko lonse. Yunivesite ya Zambia inayamba kuphunzitsa mu March 1966 ndi ophunzira 312. Anthu wamba anasonkha ndalama, ndipo kumidzi ena anapereka mbuzi, nkhuku ndi cimanga kuti sukulu imeneyi imangidwe m'mbali mwa mseu waukulu uja wopita ku Chipata. Njerwa ndi simenti zinapezeka, koma mphunzitsi wa pa yunivesite saumbidwa m'cikombole. Pamafunika zaka zambiri za maphunziro kuti munthu afike pamenepo, cotero panalibe njira ina koma kuitana aphunzitsi ocokera kunja.

Woyang'anira woyamba wa yunivesiteyo anali Profesa Douglas Anglin wa ku Canada. Maphunziro a mbiri yakale anapatsidwa kwa Profesa John Omer-Cooper, amene anacokera ku yunivesite ya Ibadan ku Nigeria. Bambo ameneyu ndiye analemba buku la The Zulu Aftermath, lotuluka mu 1966, lofotokoza za nkhondo za m'nthawi ya Shaka ndi za mitundu imene inabalalika kucokera kumwera, pamodzi ndi Angoni a Zwangendaba amene anawoloka Zambezi mu 1835. Motero mwana wa kwa Mpezeni amene anafika pa yunivesite m'zaka zimenezo anali kumva za ulendo wa makolo ake kucokera pakamwa pa mlendo. Wina angaseke, koma akulu ananena kale kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Ena anabwera cifukwa kwao kunali kowawa. Bambo Ezekiel Mphahlele, mlembi wa mabuku wa ku South Africa, analetsedwa kuphunzitsa m'dziko lao cifukwa cotsutsa maphunziro a tsankho amene boma la azungu linakonzera anthu akuda. Anacoka kwao mu 1957, nakhala ku Nigeria, ku France, ku Kenya ndi ku America, ndipo anafika mu Lusaka mu 1968. Anakhalamo zaka ziwiri cabe nabwerera ku America. Mu 1977, atatha zaka 20 ali m'maiko a eni, anabwerera ku South Africa tsankho likali cilili, ngakhale kuti anzao ambiri anawadzudzula. Munthu wa maphunziro akuya cotero anaona kuti kukhala pansi pa malamulo ankhanza kwao kunali kopepukako kusiyana ndi kukalambira kwa eni.

Ambiri mwa alendo amenewa anali kubwera pa pangano la zaka ziwiri kapena zitatu. Anali kupatsidwa nyumba, matikiti a ndege a banja lonse ndi ndalama ina yapadera pa kutha kwa pangano, ndipo ena a ku Britain boma lao linali kuwaonjezera malipiro. Mzambia wophunzitsa m'cipinda coyandikana, wa digiri yofanana, sanali kulandira zonsezi, ndipo madandaulo a nkhani imeneyi anamveka kwa zaka zambiri. Komabe panali cinthu cimodzi cimene Mzambia anali naco pamene mlendo analibe, ndipo cinaonekera poyera mu February 1976. Ophunzira atasemphana ndi boma pa nkhani ya nkhondo ya ku Angola, yunivesite inatsekedwa. Ophunzira ena anamangidwa, pamodzi ndi aphunzitsi angapo ocokera kunja, mmodzi wa iwo Bambo Lionel Cliffe wa ku Britain. Sitikuweruza mlandu umenewo pano. Cimene tifuna kuti awerengi aone ndi ici: mwini dziko akatuluka m'ndende amapita kukadya nsima ya amake, koma mlendo amaperekezedwa ku bwalo la ndege, nyumba, anzake ndi ophunzira ake zonse kutsala m'mbuyo.

MWANA WA KU LUNDAZI

Pa nthawi imeneyo woyang'anira yunivesite sanalinso mlendo. Anali Profesa Lameck Goma, obadwira ku Lundazi mu 1930, amene iwo eni anaulawa moyo wa m'dziko la eni. Atacoka pa Munali anakaphunzira ku Fort Hare ku South Africa ndi ku Cambridge, ndipo digiri yao ya udokotala wa maphunziro inacokera ku yunivesite ya London. Popeza kuno kunalibe yunivesite yoti agwireko nchito, anakagwira ku Uganda, kumene anafufuza za udzudzu wa malungo m'madambo a gumbwa, ndipo pambuyo pake anakaphunzitsa pa yunivesite ya Ghana. Buku lao lonena za udzudzu linatuluka mu 1966.

A Goma anabwerera pamene kwao kunapezeka nchito yolingana ndi maphunziro ao. Anakhala profesa wa maphunziro a zinyama, ndipo mu 1969 anakhala Mzambia woyamba kuyang'anira yunivesite. Mu 1976 anasankhidwa kukhala nduna ya zamaphunziro, ndipo pambuyo pake anakhalanso nduna yoona za maiko akunja. Yunivesite ikanapanda kumangidwa, mwina anthu a ku Lundazi akanawawerengera pamodzi ndi machona.

M'zaka zimenezo yunivesite inali kusankha ophunzira okhoza bwino ndi kuwatumiza kunja kukatenga madigiri apamwamba, kuti pobwera adzalowe m'malo mwa alendo. Cikonzeroco cinali kuyenda bwino kufikira pamene mkuwa unatigwetsa. Mtengo wake unatsika kwambiri mu 1975 ndipo sunadzukenso kwa zaka zambiri. Kwacha, imene pa kuyamba kwake mu 1968 inali kugula dola imodzi ndi masenti 40 a ku America, inafooka kotero kuti pofika May 1987 panafunika K8 kuti munthu agule dola imodzi, ndipo inapitirira kugwa. Malipiro a mphunzitsi wa pa yunivesite anayamba kutha mwezi uli pakati. Alendo analongedza katundu wao, ndipo Azambia ambiri amene anaphunzitsidwa kuti alowe m'malo mwao anawatsata pambuyo. Yunivesite ya Botswana, imene inaima payokha mu 1982 ndi mphamvu ya cuma ca daimondi, inalandira ambiri. Ena anapita ku Lesotho ndi ku Swaziland, imene lero ikuchulidwa Eswatini, ena ku Namibia yunivesite ya kumeneko itatsegulidwa mu 1992, ndipo tsankho litatha mu 1994 khomo la South Africa linatsegukanso.

Mmodzi wa amene analowa pa khomo limeneli ndi Profesa Kelly Chibale, amene anatenga digiri yao yoyamba mu Lusaka nakapitiriza ku Cambridge. Anayamba nchito pa yunivesite ya Cape Town mu 1996, ndipo mu 2010 anakhazikitsa kumeneko malo ofufuzira mankhwala atsopano ochulidwa H3D. Mu 2012 gulu lao linalengeza kuti lapeza mankhwala oyenera kuyesedwa pa matenda a malungo. Kodi pamenepa dziko lathu linataya kapena linapindula? Malungo sadziwa malire, ndipo mankhwala opezedwa ku Cape Town angathe kudzaciza mwana wa ku Petauke. Ndiponso nchito yotere imafuna zipangizo za ndalama zambiri zimene kuno zinalibe. Koma tisabise: anyamata ndi atsikana amene akanaphunzira m'manja mwa munthu wotere mu Lusaka anamanidwa mwai, ndipo mbuzi zija zinaperekedwa kuti ana a dziko lino aziphunzitsidwa kuno.

ZIMENE WOSAMUKA AMAKUMANA NAZO

Kalata yonena kuti munthu walembedwa nchito ndiyo ciyambi cabe ca ulendo. Coyamba, masetifiketi ake ayenera kupimidwa ngati ali oona ndiponso olingana ndi a dziko limene akupitalo. Ku South Africa nchito imeneyi imagwiridwa ndi bungwe la SAQA, ndipo imatenga nthawi ndi ndalama. Kenaka pafunika cilolezo ca kugwira nchito. M'maiko ambiri yunivesite ndiyo imamuimira munthuyo pamaso pa boma, ndipo cilolezo cake cimamangidwa pa nchito yomweyo monga mbuzi pa cikhomo.

Titenge citsanzo ca Britain. Wocokera ku Zambia ayenera kuyamba wapimidwa cifuwa cacikulu asanapemphe cilolezo. Ayeneranso kulipira msonkho wa cipatala, umene mu February 2024 unakwezedwa kufika mapaundi 1,035 pa caka kwa munthu wamkulu aliyense, ndipo wa zaka zonse za cilolezo umalipiridwa pamodzi ulendo usanayambe. Mwamuna ndi mkazi opita kwa zaka zitatu afunika mapaundi 6,210, ana osawerengera, matikiti a ndege osawerengeranso. Mayunivesite ena amabweza ndalama zimenezi kapena amakongoza, ena ai. Tsono nchito ikatha kapena pangano likapanda kuonjezedwa, amene analowa ndi cilolezo comangidwa pa nchito kawirikawiri amapatsidwa masiku 60 kuti apeze wina womulemba, apo ai acoke m'dzikomo. Munthu wokhala motero amayamba waganiza kawiri asanatsutsane ndi mkulu wa pa nchito.

Bvuto limene silichulidwa kawirikawiri ndi la mkazi kapena mwamuna wotsatira mnzake. Ku America, mwacitsanzo, zilolezo zina za otsatira sizilola kugwira nchito. Mai amene kuno anali namwino kapena mphunzitsi wolemekezeka amapezeka akukhala m'nyumba tsiku lonse, m'dziko lozizira, popanda mnansi wogogoda kudzapempha mcere. Ana ndiwo amazolowera msanga, koma kuzolowera kwao kuli ndi mtengo wake. Pakatha zaka zitatu Cinyanja cimayamba kulemera pa lilime, ndipo agogo akaimba lamya amangomva "muli bwanji" mmodzi, zotsalazo atate ndi amai nkumamasulira.

Nanga malipiro? Inu makolo mukamva ciwerengero cake mu kwacha mumagwira pakamwa, ndipo m'pomveka. Koma ndalamayo imadyedwa kumene yapezedwa. Msonkho wa boma umacotsedwa munthu asanaigwire. Lendi ya nyumba m'mizinda ya mayunivesite ochuka imatenga gawo lalikulu la zotsala, ndipo m'maiko ozizira kutenthetsa nyumba nakonso kumalipiridwa, popeza kulibe nkhalango yokatola nkhuni. Kulibenso dimba, kulibe nkhokwe, kulibe mlongo wosiyira mwana. Pamene uthenga wa feteleza, wa malata ndi wa fizi ya adzukulu ufika mwezi umodzi, ndipo mwana wanu ayankha kuti dikirani, musafulumire kunena kuti wasanduka mzungu.

Kwa amene akukonzeka kupita, mau athu ndi akuti pangano liwerengedwe modekha lisanasainidwe. Ndi la zaka zingati, ndipo lingaonjezedwe kodi? Ndani alipira ulendo wopita ndi wobwerera? Ndalama ya penshoni imene idzadulidwa mwezi ndi mwezi, kodi munthu angathe kuitenga pocoka m'dzikomo? Ndipo pali funso limene ambiri amaopa kufunsa poganiza kuti ndi kudziitanira tsoka: wina m'banja akamwalira, ndani adzabweza thupi kwao? Kunyamula maliro pa ndege kumadya ndalama zoculuka, ndipo n'cifukwa cake Azambia okhala m'maiko akunja ali ndi timagulu tosonkherana pa zobvuta zotere.

Maliro a kumudzi ndiwo amayesa mtima koposa. Uthenga umafika pakati pa temu, ophunzira mazana akuyembekeza mayeso. Munthu ayenera kupempha chuthi, kupeza mnzake womugwirira makalasi, ndi kugula tikiti ya mwadzidzidzi pa mtengo wokwera. Akatera mu Lusaka patsala makilomita oposa 550 kuti afike ku Chipata, ndipo wa ku Lundazi kapena ku Chama ulendo ukali patsogolo. Kumudzi sangasunge thupi masiku onsewo. Profesa uja, amene ku yunivesite anthu amamuimirira akalowa, amafika mwambo utatha, anthu atabalalika. M'mawa mwake amalume ake amamtsogolera ku manda, namloza mtumbira wa dothi lofiira, ndipo iye amagwada pamenepo ndi sutu yake ya pa ndege.